Koshari wa ku Egypt wandiphunzitsa kusunga nandolo wa pakhomo

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala mwanu ndikambe za chakudya. Ndikudziwa kuti tsamba la makalata limadzaza ndi nkhani za ndale, za mafuta a galimoto ndi za feteleza, koma yangayi nayonso ikukhudza mlimi, makamaka ife a kuno ku Thyolo ndi anzathu a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, amene timalima nandolo chaka ndi chaka koma wochuluka n'kumukweza pa malole.

Ine ndine mkulu wopuma pa ntchito. Ndinali khuki m'nyumba za mabwana pa esiteti ina ya tiyi kwa zaka 24, ndipo pano ndili kumudzi kufupi ndi Luchenza, kumene ndimalima chimanga chosakaniza ndi nandolo. Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi nkhani imene mdzukulu wanga anandiwerengera pa foni, yoti mu Disembala 2025 bungwe la UNESCO, pamsonkhano wake ku New Delhi, linalemba koshari wa ku Egypt pa mndandanda wa miyambo ya anthu yoyenera kusungidwa. Mndandanda wake ndi womwe uja nsima yathu inalowamo mu 2017. Mwanayo ankangowerenga, osadziwa kuti chakudya chimene amachitcha "mpunga wa agogo", chomwe amadya pakhomo pano kawiri pamwezi, ndi koshari yemweyo. Nditamuuza anakana, mpaka anafufuza chithunzi n'kuona anyezi wofiirira pamwamba pa mbale, ndendende ngati wanga.

Akale anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ine koshari ndinamuphunzira kwa mlendo. Chaka china ku esiteti kunabwera bambo wina wa ku Cairo wodziwa kukonza makina a m'fakitale, ali ndi akazi awo. Anawaika m'nyumba ya alendo, ine n'kuuzidwa kuti ndiziwaphikira. Ndinakonza zomwe ndinazolowera: nyama yootcha, nkhuku ya mu uvuni, makeke a batala. Mbale zinkabwerera kukhitchini momwe zinapitira. Tsiku lachitatu adonawo anaima pakhomo la khitchini n'kundifotokozera mwaulemu kuti iwo ndi Akhristu a mpingo wa Coptic, ndipo inali nyengo yawo yosala isanafike Pasaka. Kusala kwawoko kumatenga masiku 55, ndipo nthawi yonseyo salawa nyama, mazira, mkaka kapena batala. Ndinagwira njakata, chifukwa luso langa lonse linatsamira pa zinthu zomwezo. Ndinafunsa kuti, "Nanga Dona, ndiziphika chiyani?" Iwo anafunsa ngati m'nyumbamo muli mpunga ndi anyezi, ndipo nditavomera anati zotsalazo tikazipeza mawa.

M'mawa mwake tinapita ku Limbe, m'sitolo za amwenye. Kumeneko anagula timbewu tofiirira, tathyathyathya ngati timabatani ta malaya, timene iwo ankati ads, pomwe wogulitsa ankati masoor. Timbewu timeneti ndi tija timamva m'nkhani ya Esau, amene anagulitsa ukulu wake ndi mbale imodzi ya chakudya. M'Baibulo lathu anamasulira kuti mphodza, koma mphodza zimene timalima kuno, zobiriwira zozungulira zija, ndi mbewu ina. Anagulanso makaroni, viniga ndi kazokometsera kena konunkhira komwe amwenye amati jira. Tchana tinamupeza pa msika, tomato ndi anyezi tinagula pa Bvumbwe pobwerera. Ndinayang'ana m'dengu muja n'kudzifunsa ngati mayi wolemekezeka chotere angadyedi zinthu zimene kwathu timaziona ngati za tsiku lomwe ndalama yathawa.

Madzulo amenewo ndinaima pambali n'kumaonerera. Atamaliza anandigawira m'mbale, n'kuumirira kuti ndidye pomwepo iwo akuona. Akonzi, m'moyo mwanga ndaphika zakudya za Angerezi zambiri, zina zofuna zinthu zochita kuitanitsa kunja, koma tsiku limenelo ndinadabwa kuti mpunga, mbewu za nyemba ndi anyezi zingakome chotero popanda ngakhale fupa la nyama. Munali kuwawasa kwa tomato ndi viniga, kutsekemera kwa anyezi wokazinga, fungo la adyo, ndipo pansi pake mpunga woyoyoka bwino. Adonawo anandiuza kuti ku Cairo chakudyachi chimagulitsidwa m'misewu ndi m'malesitilanti ophika icho chokha basi, ndipo wogwira ntchito za manja, mwana wa sukulu ndi bwana wa mu ofesi amaima pamzere umodzi. Anati wogawa amagogoda chipande chake pa miphika yachitsulo, moti umamumva usanamuone. Palibe amachita nacho manyazi. Mawu amenewo anandikhala mumtima kuposa kaphikidwe kake.

Nditapuma pa ntchito sindikanatha kumakwera minibasi kupita ku Limbe chifukwa cha kapu imodzi ya masoor. Ndinayamba kuyesa ndi zathu. Poyamba ndinaopa kuti ndikuwononga chakudya cha eni ake, mpaka ndinamva mbiri yake. Ambiri amati koshari anachokera ku khichdi, chakudya cha ku India cha mpunga wophikidwa pamodzi ndi mbewu za nyemba, ndipo anazika mizu ku Egypt m'zaka za m'ma 1800. Imeneyo ndi nthawi imene ngalande ya Suez inatsegulidwa, mu 1869, ndipo Angerezi analowa m'dzikolo mu 1882 ali ndi asilikali a ku India. Makaroni amati anadza ndi anthu a ku Italy amene ankakhala ku Cairo ndi ku Alexandria. Chomwe chinandimasula mtima n'chakuti khichdi ku India kawirikawiri amamuphika ndi moong, ndipo moong ndiye mphodza zathu zobiriwira zomwezi. Choncho amene waphika koshari ndi mphodza za pa msika wa Luchenza sanasochere ayi. Chakudyachi chinayenda kale maiko, ndipo kulikonse chinafika anthu anathiramo zomwe anali nazo m'nkhokwe.

Tsono ndifotokoze momwe ndimaphikira, kuti wofuna ayese. Muyeso wangawu umakwanira anthu 7 a pakhomo panga, ndipo kapu yake ndi ija yomwera tiyi. Pamafunika makapu 2 a mpunga, kapu imodzi ndi theka ya mphodza kapena nandolo, kapu imodzi ya tchana, theka la paketi ya supageti kapena makaroni, anyezi 5 akuluakulu, tomato 8 wakupsa bwino, mutu umodzi wa adyo, kapu imodzi ya mafuta ophikira, viniga, mchere, tsabola wa kambuzi, ndi jira ngati alipo. Mpunga wa Kilombero umanunkhira, Faya nayenso amachita bwino, ndipo ngakhale woswekasweka wotsika mtengo uja ndauphikapo osadandaula.

Ntchito imayamba dzulo lake. Tchana ndi nandolo wouma aziviikidwa m'madzi usiku wonse, aliyense m'mbale yake. Mphodza zimangofuna maola atatu kapena anayi. Kuviikaku musakupeputse, chifukwa ndi kumene kumapulumutsa makala. Ife a ku Thyolo tikudziwa momwe phiri lathu latsalira lopanda mitengo, ndipo tchana wosaviika akhoza kukumalizirani kathumba konse ka makala asanafewe.

Pamoto choyamba ndi anyezi, ndipo apa ndichedwepo, pakuti koshari yense wagona pa anyezi. Mudule mopyapyala kwambiri, mozungulira ngati mphete, ndipo zidutswa zifanane makulidwe, chifukwa zikasiyana zina zimapserera zinzake zikadali zaziwisi. Muwaze kamchere, musiye kwa kanthawi kuti atulutse madzi, kenako mumufinye pang'ono ndi nsalu yoyera. Adona aja ankawazako ufa wa tirigu supuni imodzi. Ine ndimagwiritsa ufa woyera wa chimanga, ndipo umagwira ntchito yomweyo yothandiza anyezi kuuma. Mafuta onse aja muthire m'chiwaya, atenthe, koma asafike pofuka utsi. Musakhuthulire anyezi yense nthawi imodzi, mugawe pawiri kapena patatu. Akachuluka m'chiwaya amangowira m'madzi ake, n'kukhala wofewa ngati wa mu ndiwo za tsiku ndi tsiku.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anyezi amayamba wayera mbuu, kenako achita chikasu m'mbali, kenako afika mtundu wa uchi. Pamenepo ndi pochotsera. Mukadikira kuti afike mtundu womwe mukuufuna akadali m'mafuta, ndiye mwachedwa, chifukwa akatuluka amapitirira kuda ndi kutentha kwake komwe. Ulendo woyamba kuphika ndekha ndinatembenuka kukatunga madzi, pobwera anyezi ali bii, ndipo kuwawa kwake kunalowa m'mafuta n'kuwononga mphika wonse. Zinandipweteka mtima chifukwa tsiku limenelo kunali alendo. Kuyambira pamenepo sindichoka pa mbaula anyezi ali pamoto, ngakhale wina aodire pakhomo. Mukamuchotsa mumuyale pa lichero loyalapo pepala, osamuvundikira. Akazizira aziphwanyika pakati pa zala ngati tsamba louma la nthochi. Ndipo mumubise, poti ana akangomulawa simumupezanso.

Mafuta otsala m'chiwaya musataye ngakhale dontho. Atenga fungo lonse la anyezi, ndipo ndi omwewo muphikire zina zonse zotsatira. N'chifukwa chake kapu imodzi imakwanira chakudya chonse.

Kenako tchana awire mpaka afewe, koma asaphwanyike. Nandolo wouma nayenso muphike payekha mpaka apse, zomwe zimatenga pafupifupi ola limodzi ngati anaviikidwa. Mphodza n'zosiyana: ziwire mphindi 15 kapena 20 zokha, zifike poti mukaifinya imodzi ikuphwanyika koma pakati pakadali kolimba pang'ono, chifukwa zikamalizira kupsa limodzi ndi mpunga. Mukazipsetsa kwambiri pano, pomaliza mupeza chipere. Madzi amene mwaphikira mphodza musunge, ndi amene aphike mpunga.

Mumphika wa mpunga thirani masupuni atatu a mafuta a anyezi aja. Tengani supageti wodzaza dzanja limodzi, muthyolethyole tizidutswa tating'ono ngati machesi, mukazinge mpaka afiire. Ku Egypt ali ndi kamtundu kawo kopyapyala komwe amakazinga chonchi, koma supageti wamba amene amadzaza m'magolosale mwathu amalowa m'malo bwinobwino. Thiranimo mpunga wotsuka ndi kuukha madzi, mutakase kuti njere iliyonse ilawe mafuta, kenako mphodza, mchere, jira theka la supuni yaing'ono, ndi madzi ongopitirira pang'ono pamwamba pa mpunga, osaposa mfundo imodzi ya chala. Zikawira chepetsani moto, vundikirani, ndipo ikani makala angapo pa chivundikiro monga amachitira amayi athu pophika mpunga wa paukwati. Musavundukule kwa mphindi 20. Ngati mukugwiritsa nandolo wopsa kale, mumuthire mpunga utatsala pang'ono kuuma, kuti asanyenyeke. Supageti kapena makaroni wotsala muwiritse m'madzi a mchere, mukhe madzi, muthire kasupuni ka mafuta aja kuti asamatane.

Msuzi wa tomato ndi wosavuta, koma si wothamangira. Sinjani adyo, theka lake mukazinge pang'ono m'mafuta a anyezi, asafiire. Tomato mumupale pa chopalira kapena mumusinje mu kamtondo, makoko mutaye, ndipo mumuthire pa adyo uja ndi mchere. Awire pa moto wochepa mpaka madzi achepe, mafuta ayandame pamwamba, ndipo pomaliza muthire masupuni awiri a viniga. Msuziwu ukhale wokhuthala koma wothirika, osati wouma ngati wa nsomba zokazinga. Tomato wathu nthawi ya dzinja amawawasa kwambiri, ndiye kashuga ka kunsonga kwa supuni kamathandiza.

Patsala tinthu tiwiri tomwe anthu amakonda kudumpha, chonsecho ndi timene timasiyanitsa koshari ndi mpunga wa nyemba wamba. Koyamba amati dakka. Ndi theka lotsala la adyo wosinja uja, jira, mchere, masupuni awiri a viniga, madzi a ndimu limodzi ndi madzi owiritsa theka la kapu. Sikaphikidwa, kamangosakanizidwa n'kusiyidwa kuti kagwirane. Ngati viniga palibe, mandimu okha akwanira, ndipo mitengo yake ili m'makomo mwathu. Kachiwiri amati shatta, tsabola wokazinga m'mafuta. Ine ndimasinja kambuzi, n'kumukazinga pang'ono, n'kuthirako masupuni awiri a msuzi wa tomato. Ameneyu amaikidwa padera, aliyense azithira monga mwa mphamvu ya lilime lake. Adona a ku Cairo aja atalawa kambuzi wathu anapempha kuti ndiwaumitsire wina atenge kwawo.

Pogawa, pansi pamakhala mpunga wa mphodza, pamwamba pake makaroni, kenako msuzi wa tomato, tchana wodzaza supuni ziwiri, ndipo pamwamba penipeni anyezi wouma uja. Dakka amathira wakudya yekha. Anyezi aikidwe nthawi yodya yeniyeniyo, pakuti akagona pa nthunzi amafewa.

Ndikudziwa zomwe owerenga ena anene, chifukwa ndinazimva kale m'nyumba mwanga momwe. Mayi a kunyumba ataona miphika inayi yandanda pakhonde anati, "Abambo, chakudya chimodzi miphika yonseyi, makala ake agula ndani?" Funso lawo linali loona. Yankho lake ndi dongosolo. Pa mbaula imodzi ndimayamba ndi anyezi moto ukadali waukali, kenako tchana ndi nandolo, kenako madzi a makaroni, msuzi wa tomato moto ukuyamba kufooka, ndipo mpunga ndimamalizira pa makala otsala. Komanso tchana ndi nandolo akhoza kuphikidwa dzulo lake pa moto wa nkhuni umene watsala mutaphika nsima yamadzulo, m'malo moti uzingozima wokha. Lero mayiwo ndi amene amandikumbutsa kuviika tchana Lachisanu usiku, ndipo anyezi amakazinga bwino kuposa ine.

Ena amati mpunga ndi wa pa Khirisimasi ndi pa ukwati, si wa munthu wamba. Zoona, mpunga wakwera mtengo. Koma taonani masamu ake. Makapu 2 a mpunga paokha sangakhutitse anthu 7. Mukaphatikiza mphodza kapena nandolo wa m'munda mwanu, tchana ndi theka la paketi ya supageti, onse amadzuka atakhuta, ndipo simunagule nyama, nsomba kapena mazira. Ndimaphika pa Loweruka, ana n'kupita kukasewera mpira, ndipo sabwerako akulira njala.

Enanso amati Mmalawi akapanda kudya nsima ndiye kuti sanadye. Ine nsima sindikulimbana nayo. Ndinakulira nsima, ndipo madzulo ndikapanda kuiona tulo sitibwera bwino. Koma alangizi a zaumoyo akhala akutiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, za nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. M'mbale imodzi ya koshari muli magulu anayi. Mukaikapo nthochi, papaya kapena chinanazi cha ku Mulanje pambali, afika asanu. Ndiponso zomanga thupi za mu mpunga ndi za mu nyemba zimakwaniritsana, chomwe chikusowa mwa china chimapezeka mwa chinzake. Makolo athu ankazidziwa izi m'njira yawo pamene ankaphika makaka ndi nandolo, kapena chimanga ndi nyemba mumphika umodzi. Ndi ife a lero amene tayamba kuona zakudya zimenezi ngati chizindikiro cha umphawi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga, Akonzi. Pitani pa msewu uliwonse kuno mu Seputembala ndi Okutobala, muona masikelo atapachikidwa pa mitengo, mavenda akudikira. Nandolo wathu wambiri amathera ku India. Tonse tikukumbukira za 2017, pamene boma la India linachepetsa nandolo wolowa m'dziko lawo, mtengo kuno n'kugwa pansi. Chaka chimenecho ndinaona anthu akusiya nandolo kuti athetheke yekha m'munda chifukwa kuthyola kunalibe phindu. Mu 2021 maiko awiriwa anagwirizana kuti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, ndipo zinatipatsa mpumulo. Sindikunyoza msika umenewu, fizi ya ana ambiri yachokera pamenepo. Chimene chimandiwawa ndi kuona banja likugulitsa nandolo yense mpaka thumba lomaliza, pa sikelo imene mwina yakhotetsedwa, kenako mu Januwale n'kumagula kamulu ka bonya ka mtengo wokwera, kapena kudya nsima ndi masamba okhaokha mwezi wathunthu. Ana a m'banja lomwelo n'kumalembedwa kusikelo kuti sakukwera.

Ndinachitapo zomwezo ine ndemwe. Chaka china ndinagulitsa yense chifukwa mtengo unaoneka wabwino, ndipo pofika mwezi wa Febuluwale ndinkagula nandolo wanga yemwe pa msika, kambale kamodzikamodzi, pa mtengo woposa umene ndinagulitsira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kuyambira chaka chimenecho ndimayamba ndapatula wa pakhomo, kumuumitsa bwino, kumuteteza kwa anankafumbwe, ndipo wotsalayo ndiye amapita kwa venda.

Koma kusunga kokha sikukwanira ngati ana akukana kudya. Tinene zoona, nandolo wouma wongowiritsa ndi mchere ndi katomato kamodzi, tsiku ndi tsiku, amatopetsa. Mdzukulu wanga wamng'ono ankati akaona nandolo m'mbale amayamba kulira. Tsiku lomwe ndinamuphikira mu koshari anadya mbale ziwiri, n'kumafunsa kuti timbewu tokomato ndi tachiyani. Nandolo anali yemweyo, wa m'munda womwewo. Chinasintha ndi anyezi, adyo, ndimu ndi nthawi imene ndinapereka pophika. Ndipo amene sanalawe koshari wa nandolo wamuwisi, wa mu Julayi ndi Ogasiti uja timadya ngati makata, sanamve kukoma kwake konse. Wamuwisi safuna kuviika, amapsa m'mphindi zochepa, ndipo amatsekemera. Ndikanakonda adona aja akanalawa ameneyu.

Ndayesanso khobwe, ndipo amachita bwino. Nzama zimakoma koma zimachedwa kupsa, choncho zimalowa bwino m'malo mwa tchana osati mwa mphodza. Kalongonda yekha musamuyese mu chakudyachi. Tonse a kuno tikudziwa kuti amafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo kuti asaledzeretse, ndipo ali ndi kaphikidwe kake komwe agogo athu achilhomwe anatisiyira.

Anthu a ku Egypt anatenga chakudya cha munthu wosauka n'kuchikonza mwaluso mpaka dziko lonse lapansi lachidziwa. Ife tili ndi nandolo, mphodza, khobwe, nzama ndi tchana m'minda momwemu, tomato ndi anyezi pa Bvumbwe, mandimu kuseri kwa nyumba. Ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe anthu amadya kalongonda ndi makaka mosangalala ndi monyadira, koma likatha tsikulo ambiri amabwerera kukabisa mphika wa nandolo mlendo akafika, n'kuthamanga kukakongola nkhuku. Ine alendo anga ndimawaphikira koshari wa nandolo, ndipo palibe anachokapo osafunsa kaphikidwe kake. Abusa a mpingo wathu atadya anatuma amayi abusa kudzaphunzira, ndipo tsopano amayi a chigwirizano amaphika pa misonkhano yawo.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi loti mutipatseko kakona kakang'ono m'nyuzipepala yathuyi, ngakhale kamodzi pamwezi, kolemba za kaphikidwe ka mbewu zomwe timalima tokha, m'Chichewa, ndi miyeso ya kapu ndi supuni imene mayi wa kumudzi ali nayo. Maphikidwe ambiri amene ana amationetsa pa foni ali m'Chingerezi, ndipo amatchula zinthu zoti sungazipeze pa Luchenza, pa Thunga kapena pa Limbuli. Alipo makhuki ambiri opuma ngati ine m'midzi yozungulira maesiteti, alipo agogo odziwa kuphika chipere ndi makaka mwaluso, ndipo tikhoza kumakutumizirani. Ndipemphenso alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo kuti akamabwera kudzatiphunzitsa kabzalidwe ka nandolo, tsiku lina adzabwerenso ndi chiwaya, adzaonetse amayi ndi abambo omwe momwe angamuphikire kuti mwana apemphe wina.

Amene ayese kaphikidwe ndalembaka ndipo mpunga wamata kapena anyezi wafewa, alembe kudzera patsamba lomwe lino, ndidzayankha.

Ndine wowerenga wanu,
Khuki wopuma,
Luchenza, Thyolo